Mawaya a magetsi m'nyumba: kuwakwirira mu pulasitala, kuwalowetsa m'mapaipi, kapena kuwayendetsa pamwamba pa khoma?

Nyumba ikafika poti malata akhomedwa ndipo mafelemu a zitseko ndi mawindo alowa, thumba limakhala litapepuka kale. Mchenga watsitsidwa pabwalo, simenti ili m'chipinda mukuopa kuti iuma, bilidala akufuna ayambe pulasitala Lolemba. Ndi nthawi imeneyi pamene mmisiri wa magetsi amabwera ndi funso lija ambiri timaliyankha tili chiimire: "Bwana, tipange tubing, kapena tingokhomerera waya abilidala aphimbe?" Tubing ndi kuyendetsa mawaya m'mapaipi okwiriridwa m'khoma. Ndalemba izi chifukwa cha anzanga amene mukumanga ku Area 49, Area 25, Njewa, Area 36, Likuni ndi kwina konse muno mu Lilongwe. Funso limeneli si lakuti muyankhe chiimire. Pulasitala akauma, zimene mwasankha mudzakhala nazo zaka zambiri.

Zoyenera kuziyang'ana musanasankhe

Mtengo ndiye woyamba, koma muuwerenge kawiri: ndalama zotuluka lero, ndi zodzatuluka tsiku limene waya adzafunike kusinthidwa. Mitengo ya m'mahadiweya yakhala ikusintha pafupipafupi, makamaka chichokereni kugwa kwa kwacha mu November 2023, choncho poyerekeza ndiwerengera zipangizo ndi masiku a ntchito. Chachiwiri ndi kupezeka kwa zipangizo ndi amisiri odziwa njirayo. Chachitatu ndi kusamalira, kutanthauza kuti pakavuta mudzakonza bwanji, ndipo mukadzafuna kuwonjezera giza, kuka (chophikira cha magetsi) kapena invetala ya sola mudzagumula chiyani. Chachinayi ndi zoopsa: msomali, chinyezi, makoswe, moto, ndi munthu kugwidwa nyesi.

Palinso mfundo zina zimene sizisintha, kaya musankhe njira iti. Magetsi athu ndi a 230V ndipo masoketi athu ndi a mano atatu aja a ku Britain, motero kayendetsedwe ka mawaya kamene amisiri ophunzira bwino amatsata kamachokera ku malamulo a BS 7671. Malamulowa amati waya wobisika m'khoma aziyenda molunjika, kukwera kapena kutsika, kapena chopingasa, kuchokera pa soketi kapena switchi. Angathenso kuyenda m'kati mwa mamilimita 150 kuchokera kusiling'i kapena pakona ya chipinda. Cholinga chake n'chakuti munthu akaona soketi adziwe mzere umene sayenera kukhomapo msomali. Amatinso waya amene ali pafupi ndi pamwamba pa khoma, osafika mamilimita 50 kulowa m'kati, atetezedwe ndi earth leakage ya 30mA, switchi imene imagwa yokha magetsi akamathawira kunja kwa waya, pa DB, bokosi limene magetsi amagawikira nyumba yonse, apo ayi akhale m'paipi yachitsulo yolumikizidwa ku earth, waya wotayira magetsi m'nthaka. M'nyumba zathu pafupifupi waya aliyense wa m'khoma safika mamilimita 50 amenewo kulowa m'kati. Ndiye earth leakage si chokongoletsera DB ayi. Ndipo mmisiri akhale wovomerezeka ndi MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta m'dziko muno, chifukwa a ESCOM asanakulumikizeni amafuna ntchito yochitidwa ndi munthu wa mapepala.

Njira yoyamba: waya kumukwirira mu pulasitala popanda paipi

Mmisiri amagoba kangalande kosaya pakhoma, kapena sagoba n'komwe, amakhomerera kebulo ndi timakilipi, bilidala n'kumata.

Mtengo. Palibe njira yobisa waya yotsika mtengo kuposa iyi. Simugula mapaipi, makapulini, mabendi kapena guluu, ndipo kugoba n'kochepa. Komabe kusiyana kwake si kwakukulu monga anthu amaganizira, chifukwa apa mukuyenera kugula kebulo ya makungwa awiri, ija yafulati imene amati twin and earth, ndipo gawo lalikulu la ndalama za wayaring'i limapita ku kopa, osati ku pulasitiki.

Kupezeka. Kebuloyi ili ponseponse, m'mahadiweya a ku Malangalanga ngakhale m'timashopu ta m'madera, pa rolo ya mamita 100 kapena yodula. Vuto ndi lakuti pamsika pali waya wooneka ngati kopa kunja koma m'kati ndi aluminiyamu wongokutidwa. Kandani chingwe chimodzi ndi mpeni: chikaonetsa kuyera m'kati, musiyeni pomwepo. Waya wachinyengo m'paipi mutha kudzamusolola. Mu pulasitala mwakwirira naye limodzi ndalama zanu.

Kusamalira. Apa ndiye pali nkhani. Waya ameneyu sakonzeka, sasinthika, sawonjezereka popanda hamala ndi tchizulo. Ndinaziona kwa mlongo wanga, amene anagula nyumba yomanga kale cha ku Area 36. Tsiku lina ankakhometsa chogwirira TV pabalaza. Mnyamata woboola anayang'ana soketi, anayang'ana switchi, anasankha malo apakati pamene panalibe chifukwa choti waya adutsepo. Drili itangolowa pang'ono kunamveka phu! nyumba yonse zii, kafungo ka pulasitiki wopsa kali tolo. Anandiimbira ali njenjenje: "Achimwene, bwerani, khoma laphulika." Titagoba tinapeza kebulo itayenda mopendekera, kuchoka pa soketi ya pansi kulunjika pakona ya kumwamba, kuti womangayo apulumutse mita imodzi kapena iwiri ya waya. Kuti tisinthe chidutswa chimenecho tinang'amba pulasitala kuchokera pansi mpaka kusiling'i. Fumbi linalowa mpaka m'makabati a kukhitchini, ndipo chipsera chake chikuonekabe ngakhale anapentanso kawiri.

Zoopsa. Ndinene chilungamo: kebulo yabwino ya makungwa awiri, yoyenda m'mizere yoyenera, yotetezedwa ndi earth leakage, malamulo a BS 7671 saikana kukwiriridwa mu pulasitala. Simenti siidya PVC, pulasitiki ya khungu la kebulo, monga ena amanenera, ndipo kebulo yokhudzana ndi khoma imataya kutentha bwino kuposa yopanikizana ndi anzake m'paipi. Zoopsa zenizeni zili pa ntchito ya manja. Mpeni wa bilidala ukhoza kucheka khungu la kebulo osadziwa, balalo n'kudzaonekera mvula ya January khoma litamwa madzi, earth leakage n'kumagwa popanda chifukwa chooneka. Ena amakhomerera ndi misomali yopinda m'malo mwa makilipi. Ndipo pali zinthu zitatu zimene ndikupemphani musalole ngakhale mmisiri atalumbira motani: kukwirira masingo, mawaya aja a khungu limodzi amene anapangidwira m'paipi, kukwirira fulekisi, chingwe chofewa cha ayironi kapena wailesi, ndi kukwirira joini yokulunga ndi tepi. Joini imamasuka, imatentha, ndipo ikakhala m'khoma palibe angaione.

Ena amaphimba kebuloyo ndi kachivundikiro kopyapyala ka pulasitiki, capping, asanamate. Kamathandiza pa mpeni wa bilidala basi. Msomali umadutsa ngati palibe kanthu.

Njira yachiwiri: mapaipi a PVC m'khoma, ija timati tubing

Iyi ndi imene amisiri ambiri a ku Lilongwe anazolowera pa nyumba zatsopano. Amagoba khoma, amaika mapaipi ndi mabokosi, bilidala amamata, ndipo mawaya amadzakokedwa pambuyo pake.

Mtengo. Mukuwonjezera mapaipi a 20mm pa magetsi owunikira ndi masoketi, a 25mm pa mizere ya waya wonenepa monga wa kuka, kenako makapulini, maadaputa, mabokosi ndi guluu. Kugoba ndi ntchito ya masiku angapo, ndipo ngalandezo zimadyako simenti pokwirira. Koma njirayi ili ndi chifundo chake pa munthu womanga pang'onopang'ono, monga timangira ambirife. Tubing mutha kupanga mwezi uno, pulasitala n'kupitirira, mawaya mudzagule ndalama ikapezeka. Zimathandizanso pa akuba. Nyumba yosatha imene mlonda wake amagona kwawo, mawaya a kopa sachedwa kuzulidwa, pomwe paipi yopanda kanthu palibe amaifuna.

Kupezeka. Mapaipi savuta kupeza. Chosiyana ndi kulimba kwake. Pali ena opyapyala moti mukafinya ndi zala amaphwanyika, ndipo popinda amathyoka pakati. Tengani imodzi muifinye musanalipire mtolo wonse. Funsaninso ngati mmisiri wanu ali ndi sipuling'i yopindira. Amene amapinda paipi pa moto wa mapepala a simenti amasiya bendi yofinyika m'kati, ndipo waya sadzadutsapo.

Kusamalira. Ubwino wonse wa tubing ndi wakuti waya wakale amakoka watsopano. Mumamanga watsopano kumapeto kwa wakale, wina akukoka pa DB, wina akulowetsa pa soketi, khoma osalikhudza. Koma izi zimatheka ngati paipiyo inaikidwa mwachilungamo, ndipo ndi apa pamene ndikufuna mukhale tcheru, chifukwa tubing yabodza ndi yochuluka. Ndaonapo paipi imene inangofika theka la khoma, kwinako waya n'kumayenda yekha mu simenti, mwini nyumba atalipira tubing yonse. Paipi iyende yosaduka kuchoka bokosi kufika bokosi. Isapinde mopitirira kawiri pakati pa malo awiri okokera waya. Isadzaze: mawaya atenge malo osakwana theka la m'kati mwake, kuti apume komanso kuti adzasololeke. M'mabokosi ndi kukamwa kwa mapaipi mutsekemo mapepala pulasitala asanayambe, chifukwa simenti ikagweramo n'kuuma, paipi ija yasanduka chokongoletsa. Ndipo ngati thumba likulola, ikani paipi imodzi kapena ziwiri zopanda waya kuchoka pa DB kukwera kudenga, muli kachingwe kokokera. Tsiku limene mudzagule sola kapena giza mudzandikumbuka.

Zoopsa. PVC siletsa msomali, choncho lamulo la mizere yolunjika ndi earth leakage likugwirabe ntchito. Paipi yotsegula kumwamba m'denga imatha kulowetsa madzi a malata odontha mpaka mu switchi, ndiponso mphemvu ndi nyerere zimaisandutsa msewu. Koma choopsa chimene sichikambidwa kwambiri ndi kufooketsa khoma. Makoma a m'kati mwa nyumba zambiri ndi a njerwa imodzi yogoneka, pafupifupi mamilimita 110. Malangizo a zomangamanga a ku Britain amati ngalande yokwera isapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a kunenepa kwa khoma, ndipo yopingasa isapitirire limodzi mwa asanu ndi limodzi. Werengani nokha: pa khoma lopyapyala chotero, paipi ya 20mm yoyenda chopingasa yadutsa kale malire. N'chifukwa chake mmisiri wabwino amayendetsa mizere yaitali m'denga n'kumangotsika pa soketi iliyonse. Sagobanso mbali zonse ziwiri za khoma pamalo amodzi, ndipo sakhudza lintala kapena bimu.

Kagobedwe nakonso n'kofunika. Nyumba zambiri m'madera athu ndi za njerwa zootcha zomangira dothi. Mukamenya ndi hamala ndi tchizulo chokha njerwa zimagwedera, ndipo pulasitala adzang'ambika motsatira mzere wa paipi. Acheke kaye mizere iwiri ndi galainda, tchizulo chingochotsa zapakati. Pa mabuloko a simenti obowoka m'kati, amene achuluka masiku ano, nzeru ndi kugwirizanitsa bilidala ndi wamagetsi khoma likukwera, paipi idutse m'mabowo momwemo popanda kuswa buloko. Amisiri awiriwa sakonda kudikirana, ndipo wowakumanitsa ndinu mwini nyumba.

Njira yachitatu: trunking pamwamba pa khoma

Timakhwawa toyera ta pulasitiki tokhala ndi chivundikiro, tija mumationa m'maofesi ndi m'mashopu.

Mtengo. Simugoba, simumata, simupentanso, ndiye pa nyumba yomatidwa kale imatsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kugumula. Trunking yokha, mita ndi mita, kawirikawiri imaposa paipi wamba mtengo.

Kupezeka. Yaing'ono yonyamula kebulo imodzi kapena ziwiri imapezeka mosavuta mu Old Town. Timakona take ndi totsekera kumapeto ndi timene timasowa, ndiye mmisiri amangocheka yekha, ndipo luso lake limaonekera pamenepo.

Kusamalira. Mumatsegula chivundikiro, zonse zili poyera. Kuwonjezera soketi ndi ntchito ya ola limodzi kapena awiri. Koma ikhomedwe ndi masikuluwu, osadalira guluu wa kumbuyo kwake, chifukwa kutentha kwa October kumamatula. Pakapita zaka imachita chikasu, ndipo zivundikiro zikatayika anthu sazibwezeretsa.

Zoopsa. Msomali suipeza mwangozi poti ikuoneka. Adani ake ndi mipando yokokedwa, ana okonda kutsegula zinthu, ndi madzi okolopera ngati yayenda pansi kwambiri. Kubafa ndi panja si malo ake. Kunena za maonekedwe, ena amaipeputsa kuti nyumba ikuoneka ngati ofesi. Ineyo trunking yowongoka, yoyenda m'mbali mwa felemu ya chitseko ndi m'munsi mwa siling'i, siindivuta m'maso. Ndimaikonda kuposa khoma losalala limene sindikudziwa zimene labisa.

Njira yachinayi: paipi kapena kebulo yokhomedwa poonekera

Mtengo. Kebulo yokhoma ndi makilipi pakhoma ndiyo yotsikitsitsa pa njira zonse. Paipi ya PVC yogwidwa ndi masado, timalamba tokhomerera paipi kukhoma, imawonjezera pang'ono. Paipi yachitsulo ndiyo yodula, ndipo ntchito yake ndi yaikulu.

Kupezeka. Za PVC zili paliponse. Paipi yachitsulo imafuna wodziwa kudula mazinga ndi kupinda, ndipo amisiri otere amapezeka kwambiri ku ntchito za mafakitale monga za ku Kanengo kusiyana ndi ku nyumba zogona.

Kusamalira. Vuto limaoneka ndi maso, kukonza n'kosavuta.

Zoopsa. Kebulo yopanda paipi imatafunidwa ndi makoswe, makamaka m'denga ndi m'chipinda chosungira chimanga, ndipo ikakhala padzuwa imauma n'kusweka. Paipi yachitsulo ndi yokhayo imene imalimbana ndi msomali ndi kugundidwa, koma iyenera kulumikizidwa ku earth, kupanda kutero waya akasupuka m'kati paipi yonse imagwira nyesi. Pakhoma lachinyezi imachita dzimbiri.

Tsiku loti pulasitala ayambe

Ngati mwasankha kubisa, kaya ndi paipi kaya ndi kebulo, musalole bilidala kuponya simenti musanayende nokha m'chipinda chilichonse. Jambulani khoma lililonse ndi foni, tepi yoyezera itagona pambali pa paipi, zithunzizo muzisunge penapake pamene sizingatayike ndi foniyo. Onani kukula kwa mawaya: 1.5mm² pa magetsi owunikira, 2.5mm² pa masoketi, ndipo kuka imafuna mzere wakewake wa waya wonenepa, kawirikawiri 6mm². Waya wa earth afike pa soketi iliyonse. Ngati kebulo yakwiriridwa mwachindunji, mmisiri ayeze ndi megger, chida choonera ngati khungu la waya silinavulale, kawiri, asanamate ndi atamata, kuti bala la mpeni lidziwike penti asanapakidwe. Muyeso umachitika pa 500V ndipo usatsike pansi pa 1 megohm, ngakhale waya watsopano wabwino amaonetsa zochuluka kwambiri kuposa pamenepo. Mmisiri amene chida chake chonse ndi tesita ya sikuludiraiva sangakuuzeni zimenezi. Akakuuzani kuti "Bwana musadandaule, zimenezi timapanga daily," mufunseni mwaulemu kuti akuonetseni nambala pa chida.

Ndiye inuyo musankhe iti?

Ngati mukumanga nyumba yanu yokhalamo, ya njerwa zootcha kapena mabuloko, ndipo pulasitala sanayambe, pangani tubing ya PVC. Ndalama zikachepa, chepetsani china, muchedwetse matailosi kapena siling'i, koma mapaipi alowe. Womanga nyumba za lendi, tubing ikukuyenerani koposa, chifukwa alendi amasinthana, aliyense amakhoma misomali yake ya makatani ndi zithunzi, wina amabwera ndi hotipuleti, wina ndi firiji ziwiri, ndipo wokonza ndinu.

Mwagula kapena mwalowa nyumba yomata ndi kupenta kale, monga zakale za ku Area 18 kapena Kawale, ndipo mawaya atopa kapena masoketi akuchepa? Ngati muli mapaipi akale, yesani kaye kukokeramo atsopano. Ngati mulibe, trunking ikupulumutsani ku fumbi ndi ku mtengo wa pulasitala wachiwiri. Wokhala pa lendi, kambiranani ndi alandilodi, ndipo chilichonse chowonjezera chiyende pamwamba.

Nyumba ya zidina, kapena khoma lopyapyala lomangira dothi limene layamba kale ming'alu, musaligobe. Paipi ya PVC yokhomedwa poonekera ndi yokwanira, ndipo khoma lanu likhala lamphumphu. Galaja, shedi yowotcherera zitsulo, chigayo, khola la nkhuku, paliponse pamene zinthu zimagundana ndi khoma kapena makoswe ali pakhomo, ikani paipi poonekera, yachitsulo pamene pali kumenyeka kwenikweni.

Kukwirira kebulo mwachindunji ndingakuvomerezeni pa kachidutswa kakafupi kokha, monga kutsika kuchokera kusiling'i kufika pa switchi imodzi pakhoma lopyapyala loti paipi singalowe bwino. Ikhale kebulo ya makungwa awiri ya kopa weniweni, yolunjika, yopanda joini, earth leakage ili pa DB, ndipo chithunzi chake chijambulidwe bilidala asanatenge mpeni.